Pa roadblock si pokambirana, pa chisudzulo ndi pamene pamafunika mphasa

Ife a kum'mawa kwa Zambia tidakulira pa mphasa ya milandu. Mbuzi ikadya chimanga cha eni, mnyamata akapereka mimba, abale akalimbirana munda, ankaitana akuluakulu n'kukambirana mpaka nkhani itazizira. Mwambowu tidabwera nawo mu Lusaka, ndipo ku Chawama, ku Mtendere ndi ku Matero ukadali wamoyo. Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri timausemphanitsa. Wapolisi akatiimitsa pa Great East Road usiku wa Loweruka tikununkha mowa, pamene pakamwa payenera kulemera, m'pamene timayamba "bwana, tiyeni tikambirane." Banja likamatha, pamene kukhala pansi kukadapulumutsa nyumba ndi fizi ya ana, m'pamene timakana kuonana maso n'kuthamangira kukavulana ku khoti.

Kusiyana kwa ziwirizi kuli pa mwini mlandu. Mlandu waupandu ndi wa boma. Pa pepala la khoti amalemba kuti "The People" ndiwo akuzenga uje, ndipo wapolisi amene wakugwirani alibe mphamvu yokukhululukirani monga angachitire mwini chimanga uja. Nkhani ya banja ndi ya anthu awiri, ndipo lamulo limawasiyira mpata waukulu woti agwirizane okha, khoti n'kudzaunika ndi kutsimikiza.

Maola oyamba m'manja mwa apolisi

Malamulo aakulu a dziko la Zambia, pa Article 13, amati munthu womangidwa auzidwe msanga chifukwa chimene wamangidwira, m'chinenero chimene iye akumva. Article 18 imati woganiziridwa ndi wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa kapena iye mwini atavomera, apatsidwe nthawi yokonzekera kudziteteza, aloledwe kukhala ndi loya, ndipo ngati sakumva chinenero cha m'khoti apatsidwe womasulira popanda kulipira. Mfundo ya womasulirayi anthu a mu Lusaka amaitaya chifukwa cha manyazi. Munthu amalankhula Chizungu cha ku ntchito bwinobwino, ndiye akafunsidwa amati akumva. Koma Chizungu cha pa pepala la mlandu ndi china. Palibe chochititsa manyazi kunena kuti mukufuna Chinyanja, ndipo zimenezi sizichepetsa ulemu wanu pamaso pa majisitireti.

Chinthu choopsa kwambiri pa polisi ndi sitetimenti ija amati warn and caution. Wapolisi amakuchenjezani kuti simukukakamizidwa kunena kanthu, koma chilichonse chimene munganene chilembedwa ndipo chingagwiritsidwe ntchito ngati umboni. Mawuwo si mwambo chabe. Perekani dzina lanu, kumene mukukhala ndi chitupa chanu cha NRC, musalimbane ndi wina, musatukwane. Koma za mlanduwo muli ndi ufulu wonena kuti mudzayankha mukaonana ndi loya. Ngati mwasankha kulankhula, musasaine musanawerenge, kapena asanakuwerengereni m'chinenero chanu. Ambiri amasaina chifukwa atopa, akufuna kupita kunyumba, ndipo wina wawanong'oneza kuti "ingovomerani, zitha msanga."

Ndi zoona kuti kuvomera kochita kumenyedwa, kuopsezedwa kapena kunyengereredwa ndi malonjezo khoti lingakukane. Wozengedwa akanena kuti adakakamizidwa, khoti limaimitsa mlandu waukulu n'kuyamba kamlandu kena mkati mwake, kofufuza ngati sitetimentiyo idaperekedwa mwaufulu, ndipo ndi boma limene liyenera kutsimikiza zimenezo. Komabe kumasula chimene mudasaina kale ndi ntchito yaikulu kuposa kusasaina.

Tsopano za police bond. Gawo 33 la Criminal Procedure Code limati munthu wogwidwa popanda chikalata cha khoti, ngati sizitheka kupita naye ku khoti pasanathe maola 24, mkulu wa polisiyo aunike nkhaniyo, ndipo ngati mlandu suli waukulu amutulutse pa bond. Bond ya kupolisi ndi yaulere. Ndalama imene imalembedwa pa pepalalo si yolipira pamenepo, ndi imene mudzalipitsidwe mukathawa. Kawirikawiri amafuna anthu awiri okuimirani, aja amati ma surety, okhala ndi malo odziwika, ndipo nthawi zambiri amakonda ogwira ntchito okhala ndi kalata ya kuntchito kwawo. Abale amene ali kunja asataye nthawi kusonkha ndalama ya chiphuphu, ija amati nichekeleko. Ayambe kufunafuna anthu awiriwo ndi mapepala awo.

Apolisi akakana bond, belo mumakapempha kwa majisitireti tsiku loyamba kuonekera. Khoti limayang'ana kukula kwa mlandu, ngati mungathawe, ndi ngati mungasokoneze mboni. Pali milandu imene lamulo limakaniratu belo, monga kupha munthu, kuukira boma ndi kuba mwachiwawa kumene amati aggravated robbery. Pa imeneyi munthu amadikira ali m'ndende, monga ku Chimbokaila. Amene wapatsidwa belo asaphonye tsiku la khoti ngakhale limodzi. Akaphonya, khoti limatulutsa chikalata chomugwira, belo ingachotsedwe, ndipo amalume aja adamuimira mwachifundo ndiwo amayamba kufunsidwa ndalama.

Loya wa pulaiveti ndi wodula, palibe chobisa. Amene sangakwanitse apite ku Legal Aid Board, imene pano ikuyenda pansi pa lamulo la 2021. Kumeneko amayang'ana mapezedwe anu ndi kukula kwa mlandu. Chenjerani ndi anthu ovala masuti amene amazungulira pa makhoti n'kumati "timadziwana nawo akuluakulu." Loya weniweni amakhala ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka chimenecho, ndipo mutha kufunsa ku Law Association of Zambia. Mukampeza, muuzeni zonse, ndi zonyansa zomwe. Zimene mwamuuza pofuna uphungu ndi chinsinsi chotetezedwa ndi lamulo, ndipo loya amene wamva chinthu koyamba kuchokera pakamwa pa mboni ya boma sangakuthandizeni bwino.

M'khoti zimayenda motere mwachidule. Amakuwerengerani mlandu, inu n'kuvomera kapena kukana. Mukakana, boma kudzera mwa oimira milandu a National Prosecution Authority limabweretsa mboni, inu kapena loya wanu n'kuzifunsa mafunso. Umboni wa boma ukakhala wopanda mutu, khoti lingakumasuleni pomwepo musanayankhe n'komwe. Likapeza kuti pali choyankha, mumasankha kulumbira n'kupereka umboni, kulankhula osalumbira, kapena kukhala chete. Udindo wotsimikiza mlandu popanda chikaiko chomveka umakhala wa boma. Mukapezeka wolakwa kwa majisitireti, apilo yopita ku High Court iyenera kulowa pasanathe masiku 14.

Kukambirana kuliko m'milandu yaupandu, koma kuli ndi khomo lake. Lamulo la 2010 lotchedwa Plea Negotiations and Agreements Act limalola woimira boma ndi wozengedwa, kudzera mwa loya, kugwirizana zovomera mlandu wocheperako, khoti n'kuunika mgwirizanowo. Gawo 8 la Criminal Procedure Code limalolanso majisitireti kulimbikitsa chiyanjano pa milandu yaing'ono ya pakati pa anthu, monga kumenyana wamba. Zonsezi zimachitika poyera, zolembedwa. Kupatsa wapolisi ndalama m'mbali mwa msewu ndi mlandu wina pansi pa Anti-Corruption Act ya 2012, ndipo wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa.

Mowa ndi chiwongolero

Milandu ya pamsewu ili mu Road Traffic Act ya 2002, ndipo oigwiritsa ntchito ndi apolisi a pamsewu pamodzi ndi a RTSA, bungwe loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu. Anthu ambiri amaganiza kuti mlandu ndi kuyendetsa uli dzandidzandi basi. Ayi. Pali mlandu woyendetsa mowa kapena mankhwala atakusokoneza moti sungathe kuwongolera galimoto bwino, ndipo pali wina wongopezeka ndi mowa wopitirira malire m'thupi, ngakhale ukuyenda mowongoka n'kumalankhula zanzeru. Lamulo la 2002 lidaika malirewo pa mamiligalamu 80 a mowa m'mamililita 100 a magazi. Pa mlandu wachiwiriwu, kunena kuti "ine mowa sundigwira" sikuthandiza, chifukwa khoti likuyang'ana nambala.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti ndi mabotolo angati a Mosi amene amafikitsa munthu pamenepo. Palibe nambala imodzi ya anthu onse. Zimatengera kulemera kwa thupi, kaya ndinu mwamuna kapena mkazi, kaya mwadya nsima kapena muli ndi njala, ndi liwiro limene mwamwera. Kachasu ndi timabotolo ta mowa waukali, tija tidalowa m'malo mwa tujilijili titaletsedwa mu 2012, n'zoopsa kwambiri chifukwa womwayo sadziwa mphamvu ya zimene wameza. Chiwindi chimachotsa mowa pang'onopang'ono, pafupifupi mamiligalamu 15 m'mamililita 100 a magazi pa ola limodzi. Khofi, madzi ozizira, chingamu, msuzi wa mapazi a ng'ombe, zonsezi zingakutsitsimuleni maso koma sizifulumizitsa chiwindi. Choncho munthu amene wachoka pa bala 02:00 ali pa 180 akhoza kukhala adakali pamwamba pa malire 07:00 m'mawa, akuperekeza ana kusukulu, atasamba ndi kuvala tayi. Oyendetsa minibasi, mathiraki ndi matakisi a Yango aziganizire bwino zimenezi, popeza laisensi ndiyo khasu lawo.

Akakuimitsani n'kukuuzani kuti mupumire m'kachipangizo kaja, kukana popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pakokha. Pumirani, koma tsegulani maso. Pemphani kuona nambala imene yatuluka, dziwani nthawi, malo, ndi dzina kapena nambala ya amene wakuyezani. Ngati pali mankhwala a kuchipatala amene mukumwa, nenani ndipo alembe. Tizinthu timeneti nditimene loya amagwira pambuyo pake: kodi amene adayezedwa ndi amene ankayendetsa? Kodi chipangizocho chinali chosamalidwa bwino, ndipo wochigwiritsa ntchito adatsata ndondomeko? Kodi nambala ya pa pepala la mlandu ndi yomwe idaoneka pamsewu? Kudziteteza kwenikweni kumakhala pamenepo, osati pa nthano yoti mudangolawa pa ukwati wa mphwanu.

Mu Lusaka milandu yambiri yotere imapita ku khoti lofulumira la milandu ya pamsewu, ndipo liwiro lake ndi limene limakola anthu. Munthu wagona m'chitokosi, mutu ukuwawa, akufuna galimoto yake, ndiye amangoti "ndavomera." Nthawi zina kuvomera ndi nzeru ndithu: ngati umboni uli wolimba, khoti limachitira chifundo munthu wolakwa koyamba amene sanalitayitse nthawi. Koma vomerani mukudziwa chimene mukugula. Mukavomera amawerenga mmene nkhani idayendera, n'kukufunsani ngati zili zoona. Ngati muli china chabodza, nenani pomwepo, chifukwa kubweza mawu pambuyo pa chigamulo n'kovuta zedi. Kenako mumapatsidwa mpata wopempha kuti chilango chichepe. Apa nenani zenizeni: kuti n'koyamba, anthu amene mumawasamala, ntchito imene imadalira laisensi.

Chilango chingakhale faindi, ndende, kapena zonse ziwiri, ndipo khoti lili ndi mphamvu yoimitsa kapena kulanda laisensi. Faindi m'malamulo a Zambia imalembedwa m'ma penalty unit, ndipo mtengo wa unit imodzi boma limausintha. Mu 2024 udakwera kuchoka pa 30 ngwee kufika pa 40 ngwee, kotero ndalama imene mnzanu adalipira zaka zapitazo si imene mungalipire lero. Chimene anthu amaiwala ndi mbiri. Kupezeka wolakwa kumatsala m'mabuku, ndipo kumadzatulukira tsiku limene kampani kapena ofesi ya kazembe yapempha police clearance, kalata ya apolisi yonena za mbiri yanu ya milandu.

Pakafa munthu, nkhani imasinthiratu. Gawo 161 la Road Traffic Act limanena za kupha munthu chifukwa choyendetsa moopsa, ndipo mowa umakhala umboni wolemera pa mlandu umenewo. Ngozi ikachitika lamulo limafuna kuti muime ndi kukanena kupolisi. Ngati gulu la anthu layamba kutola miyala, monga zimachitikira m'makomboni, pitani molunjika ku polisi yapafupi, osati kunyumba. Pano m'pamene mwambo wathu umasokoneza ambiri. Kugula bokosi, kupereka ufa ndi galimoto ya pamaliro ndi umunthu, ndipo khoti lingakuganizireni pa chilango. Koma sikuthetsa mlandu. Ngakhale ofedwa atalemba kalata yoti akhululuka, kupitiriza kapena kusiya mlanduwo kuli m'manja mwa oimira boma ndi khoti. Ndipo ofedwawo akhoza kukasumanso padera kufuna chipukuta misozi.

Banja likafika pothera

Funso loyamba si lakuti walakwa ndani, koma lakuti mudakwatirana motani. Ukwati wa pansi pa Marriage Act, wa ku Civic Centre kapena wa kutchalitchi kovomerezeka kumene mudasaina setifiketi ya boma, umathetsedwa ndi High Court yokha, motsatira Matrimonial Causes Act ya 2007. Ukwati wa mwambo, wa ankhoswe ndi chimalo kapena malowolo, umathera ku Local Court, monga ya Boma, ya Matero kapena ya Chilenje, kumene maloya saloledwa kuimira anthu. Amene mudachita zonse ziwiri, njira yanu ndi ya High Court. Amene mudangolowana, dziwani kuti makhoti a dziko lino akhala akunena kuti kukhalira limodzi zaka zambiri sikusandutsa anthu kukhala okwatirana.

Ku High Court simungapemphe chisudzulo chaka chisanathe chikwatiranireni. Chifukwa chovomerezeka ndi chimodzi, chakuti ukwati wasweka moti sungakonzekenso, ndipo mumachitsimikiza ndi imodzi mwa njira zisanu: chigololo chimene chachititsa kuti musathenso kukhala naye, khalidwe loti munthu sangayembekezeredwe kulipirira, kuthawidwa kwa zaka ziwiri, kukhala mosiyana zaka ziwiri winayo n'kuvomera chisudzulo, kapena kukhala mosiyana zaka zisanu ngakhale winayo akane. Ofuna kusiyana mwamtendere njira yawo ndi ya zaka ziwiri ija, popeza safunika kuyanika zakuchipinda pagulu. Ena pofuna kufulumira amagwirizana zopeka chigololo. Kumeneko ndi kunama utalumbira, ndipo ndi mlandu. Khoti likakhutira limapereka chigamulo choyamba, decree nisi, chimene chimatsimikizika pakapita masabata 6, litaonanso kuti za ana zakonzedwa. Musanalandire chigamulo chotsirizacho, decree absolute, mukadali pabanja, musathamangire ukwati wina.

Zoona zake n'zakuti kuthetsa ukwati wokhawo si kumene kumadya ndalama ndi zaka. Chimene chimatha anthu ndi nyumba, ana ndi chithandizo. Apa m'pamene pali nzeru yobwereka kwa loya wina wa ku Minneapolis, ku America, dzina lake Stuart Webb, amene mu 1990 adatopa ndi nkhondo za m'khoti n'kuyambitsa njira imene amati collaborative divorce. Mwamuna amakhala ndi loya wake, mkazi nayenso ndi loya wake, ndipo anayiwo amasaina pangano la zinthu zitatu: aliyense aulula chuma ndi ngongole zake zonse, palibe woopseza mnzake ndi khoti zokambirana zili mkati, ndipo zikalephereka maloya onse awiri achoka, eni nkhani n'kukafuna ena atsopano. Mfundo yachitatuyi ndiyo mtima wake. Loya amene akudziwa kuti mlandu ukapita ku khoti iye sadyapo kanthu, mphamvu zake zonse amaziika pa kugwirizanitsa. Pakafunika amaitana wowerengera chuma kapena mlangizi wa za ana mmodzi wothandiza mbali zonse.

Kwa ife izi si zachilendo kwenikweni, ankhoswe amagwira ntchito yofananako. Kusiyana kwake n'kwakuti ankhoswe amaitanidwa kuti amange banja, ndipo ambiri akaona kuti latha amangoti "pirira mwanawe" kapena kusamba m'manja. Sadziwanso za title deed, za penshoni, kapena za ngongole ya kubanki imene idatengedwa ndi chikole cha nyumba. Ine ndimaona kuti ankhoswe asachotsedwe, chifukwa ndiwo adzakhale pa maliro ndi pa maukwati a anawo zaka zikubwerazi. Koma pa mapepala pafunika munthu wa malamulo. Mayi amene alibe ndalama ya loya angayambire ku Legal Aid Board kapena ku National Legal Aid Clinic for Women. Ngakhale mlandu utalowa kale, High Court ili ndi dongosolo lotumiza nkhani kwa mkhalapakati, ndipo zimene mwagwirizana kumeneko zikasainidwa zimakhala ndi mphamvu ya chigamulo.

Pokambirana za katundu, yambani ndi kulemba zonse: nyumba, puloti ya ku Chalala imene idakali pa maziko, galimoto, shopu, munda wa ku Chongwe, ndalama za chilimba ndi village banking, ndiponso ngongole, kuphatikizapo kaloba amene wina adatenga mwakabisira. Amuna ambiri amakhulupirira kuti chimene chili m'dzina lawo ndi chawo basi. Mlandu wa Chibwe v Chibwe, umene udayambira ku Local Court ku Mufulira pa ukwati wa mwambo wa Chiushi n'kukathera ku Supreme Court mu 2000, udaonetsa kuti mkazi wa ukwati wa mwambo naye ali ndi gawo pa chuma cha banja, ndipo kuthandiza sikuwerengedwa ndi ndalama zokha. Kulera ana, kusunga nyumba, kugulitsa pa Soweto Market kuti ndiwo zipezeke pamene malipiro a bambo akugula simenti, zonsezi zimalowa m'sikelo. Izi sizitanthauza kuti nthawi zonse pamagawidwa pakati ndi pakati. Khoti limayang'ana mmene banjalo lidakhalira.

Pa ana, Children's Code Act ya 2022 imaika patsogolo ubwino wa mwanayo. Mawu akuti "ndidalipira malowolo, ana ndi anga" kapena akuti "kwathu ana ndi a kuchikazi" satha nkhani pawokha. Mgwirizano wabwino umanena zinthu zogwirika: mwana azigona kuti masiku a sukulu, tchuthi azikhala kwa yani, fizi alipira ndani ndipo pofika liti, akadwala usiku bilu ya kuchipatala ndi ya yani. "Ndizithandiza ndikapeza" si mgwirizano. Lembani ndalama, tsiku la mwezi, ndi njira yotumizira imene imasiya umboni, monga banki kapena mobile money.

Njira yokambiranayi si ya banja lililonse. Pamene pali nkhanza, womenyedwa sangakambirane momasuka ndi womumenya, amangovomera kuti apulumuke. Oterowo ayambire ku Victim Support Unit ya polisi ndi kupempha chitetezo cha khoti pansi pa Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011. Chimodzimodzi pamene wina wayamba kusamutsira mapuloti m'maina a abale ake: pamenepo pafunika lamulo la khoti loletsa kugulitsa, msanga.

Mukagwirizana, musasiye mgwirizanowo pa pepala la m'kope losainidwa ndi ankhoswe. Upititseni ku khoti ukhale consent order, lamulo la khoti lotsimikiza zimene mwagwirizana, kuti wina akadzasintha mtima pakhale pogwira. Kenako malizani ntchito imene ambiri amaisiya: ngati nyumba yapita kwa mayi, dzina lisinthidwe pa title deed ku Ministry of Lands, kapena pa occupancy licence ku khonsolo ngati ili m'komboni, ndipo galimoto isinthidwe ku RTSA. Ndalama ya chithandizo cha ana imakhala yotseguka: ntchito ikatha kapena fizi ikakwera, aliyense mwa awiriwo angabwerere ku khoti kukapempha kuti isinthidwe, koma kufikira khoti litasintha, imene idalembedwa ndiyo iyenera kulipidwa.